Kukwera ku Neno ndi Banja Lonse

Boma la Neno lili ngati maiko awiri okhala pansi pa dzina limodzi. Kumunsi, cha ku Zalewa ndi ku Lisungwi, ndi dziko la malambe, lotentha mwakuti mwezi wa Okutobala munthu umatuluka thukuta utangokhala pamthunzi. Kumtunda, m'mapiri olowera kumalire a Mozambique cha kwa Dambe, mwezi wa Juni ana amapita kusukulu manja ali m'khwapa, nkhungu itatseka njira. Anthu ambiri a ku Blantyre amadziwa Neno yakumunsi yokha, imene amaiona pazenera la basi popita ku Lilongwe kapena ku Mwanza: mlatho wa pa Shire, apolisi a pamsewu, ndi matumba a makala oimikidwa m'mbali mwa phula. Neno inayo siioneka uli pa phula. Kumeneko ndi kumene abambo a kunyumba kwathu anatumizidwa kukaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale, ndipo ndi kumene takhala zaka ziwiri tsopano.

Kalata ya ntchito itafika, achibale ndi anzathu anatipatsa malangizo amodzimodzi. Abambo apite okha, inu mutsale m'tauni ndi ana, azibwera kumapeto kwa mwezi akalandira. Mabanja ambiri a aphunzitsi, a alangizi ndi a anamwino amakhala chomwecho, ndipo sindiwaweruza, poti aliyense amadziwa pamene nsapato yake ikumuluma. Koma ife titakhala pansi n'kuwerengera, tinaona miphika iwiri ikudikira malipiro amodzi, lendi ya m'tauni, ndi ndalama yoyendera mwezi ndi mwezi. Panalinso zina zimene sizilembeka papepala. Mwamuna wokhala yekha amagonera tiyi ndi zigumu, akadwala palibe womuwiritsira madzi, ndipo ana amayamba kumuona ngati mlendo wobwera ndi buledi. Tinagwirizana zopita tonse: ife awiri, mnyamata wathu wa Sitandade 5, kamtsikana ka zaka zitatu, ndi apongozi anga amene timakhala nawo. Wamkulu yekha, amene amalowa Fomu 2, anatsala kwa azakhali ake ku Chilomoni kuti alembe kaye mayeso a JCE.

Abambo anapita kaye okha kukaona malo, ndipo ndinawapatsira mafunso anayi. Madzi tizikatunga kuti? Chipatala chili mtunda wautali bwanji kwa munthu woyenda pansi atabereka mwana? Ndi mtsinje uti umatseka njira mvula ikagwa? Nanga foni imagwira pati? Za kukula kwa nyumba sindinafunse. Mayankho amene anabwera nawo ndi amene anatiuza choti tinyamule. Furiji ndi ayironi yamagetsi tinagulitsa, poti nyumbayo ilibe magetsi, ndalama yake n'kugula kasola ka mababu atatu, zigubu zinayi, ayironi yamakala ndi njinga yakapalasa.

Tinanyamuka kumayambiriro kwa Seputembala, sukulu zisanatsegulidwe. Amene muli ndi mwayi wosankha nthawi yosamukira kudera lotere, sankhani chilimwe. Kuchokera ku Blantyre kudutsa Lunzu ndi Lirangwe mpaka pa Zalewa ndi ulendo wosavuta, ndipo mukakhotera kumadzulo pamsewu wa ku Mwanza mumakhala mudakali pa phula. Ulendo weniweni umayamba pamene lole yasiya phulalo n'kuyamba kukwera. Fumbi lofiira linalowa mpaka m'matumba a ufa, apongozi atadzikulunga chitenje kumaso, mnyamata akuwerenga zigwa zimene timatsika ndi kukweranso. Pena dalaivala amaima n'kutsika kukaona pamene tayala lidutse. Msewu womwewo mu Januwale ndi nkhani ina, ndipo anthu a kuno akamati walira mvula walira matope sakhala akuphiphiritsa.

Neno linakhala boma palokha mu 2003, litapatulidwa ku Mwanza, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 138,000. Chinthu chimodzi chimene munthu wochokera ku Blantyre amachizindikira akafika n'chakuti wakhala akudya za kuno osadziwa. Makala ambiri amene tinkaphikira m'tauni amachokera mbali ino, ndipo mapiri ometedwa amene mumadutsa pokwera ndi mboni. Magetsi nawonso ena amapangidwa pa Nkula, pa mtsinje wa Shire kumunsi kwa Zalewa, pamene makina oyamba anayamba kugwira ntchito mu 1966, koma m'midzi yambiri yakumtunda usiku ndi wa tochi ndi kasola. Njanji yonyamula malasha kuchokera ku Moatize kupita ku doko la Nacala imadutsanso m'boma lino. Zinthu zambiri zimangodutsa.

Madzi ndiye anasintha tsiku langa lonse. M'tauni ndinkadandaula mpopi ukauma masiku awiri. Kuno mjigo uli pamtunda wa mphindi 15, ndipo pobwerera ndi chitunda. Banja la anthu asanu limafuna zigubu zosachepera zisanu patsiku ngati mukufuna kuti aliyense asambe ndi mbale zitsukidwe bwino, tsiku lochapa osawerengera. Ndinaphunzira kulawira mbandakucha mzere usanatalike. Lachisanu ndiye ntchito imakhala iwiri, chifukwa madzi a Sabata ayenera kukhala ali m'nyumba dzuwa lisanalowe, ndipo pamenepa abambo ndi mnyamata amatenga njinga n'kumangirira zigubu. Masiku oyamba amuna ena ankawaseka kuti aphunzitsi akutunga madzi. Pano ndimaonako amuna awiri atatu pamjigo Lachisanu masana, ndipo si onse a mpingo wathu.

Madzi a pamjigo amatuluka abwino. Amaipa panjira ndi m'nyumba, pamene dzanja lalowa m'ndowa, pamene masamba aikidwa pamwamba kuti madzi asatayike, pamene kapu yomwera yomweyo ikutungiranso. Ife timathira klorini kapena kuwiritsa madzi akumwa, n'kuwasunga m'chigubu cha pakamwa pang'ono kuti azichita kupungulidwa. Dera lino likudziwa kuopsa kwa madzi oipa. Mu 2009 m'midzi ya kumalire a Neno ndi Mozambique munabuka tayifodi amene anadwalitsa anthu ambiri ndi kupha ena, ndipo akuluakulu amakumbukirabe. Tonse tikukumbukiranso kolera wa 2022 ndi 2023, amene anakhudza dziko lonse. Katemera wa tayifodi anayamba kuperekedwa kwa ana m'dziko muno mu 2023, koma katemera sachotsa ntchito ya chimbudzi chokhala ndi chivindikiro ndi mpondagiya panja pake. Mpondagiya wathu tinamanga sabata yoyamba, tisanapachike ngakhale makatani. Sopo akasowa timaika phulusa.

Pa chakudya pokha, Neno yakumtunda inatilandira ngati ana obadwira pomwepo. Kuyambira cha mu Meyi mananchesi amachuluka mpaka ana kutopa nawo, ndipo zimene m'tauni tinkagula kamulu ka zipatso zinayi kuno mnansi amakupatsa m'lichero. Kuli mbatata ya kachewere, nandolo, nyemba, mtedza, nthochi, ndi tirigu amene alimi a m'mapiri amalima nthawi yozizira. Tirigu ameneyu tikamugayitsa osachotsa gaga amatipatsa phala ndi zikondamoyo zimene apongozi amati zimawakumbutsa ubwana wawo. Bonongwe, chisoso ndi nkhwani sizigulidwa, zimathyoledwa kuseri kwa nyumba. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene amatiphunzitsa kusikelo, ambiri mwa iwo ali pakhomo pomwe.

Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti chakudya chabwinochi eni ake amachita nacho manyazi. Nthawi yoyamba imene ndinakacheza kwa mayi wina wachikulire woyandikana nafe, anatuma mdzukulu kukagula chakumwa cha m'botolo ndi mabisiketi, pamene mtengo wa mananchesi unali utalemedwa pabwalo. Pa nsima anapepesa kuti, "Amayi aphunzitsi, mutikhululukire, ufa woyera watithera, watsala mgaiwa." Ndinawayankha kuti, "Agogo, mgaiwawo ndi umene ndabwerera." Anaseka poganiza kuti ndikungowalemekeza. Zinatenga miyezi, mpaka atandiona ndekha kuchigayo ndikugayitsa chimanga chosakonola, kuti akhulupirire. Chimanga chikakonoledwa, kuviikidwa ndi kutsukidwa, zambiri zomanga thupi zimapita ndi madeya kukanenepetsa nkhuku. Uphungu umenewu sumveka ukaunena utaimirira kutsogolo kwa anthu. Umamveka anthu akauona m'mbale mwako.

Koma kuchuluka kumeneku kuli ndi nyengo yake. Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka, msewu utaipa, ndipo mtengo wa mchere, sopo ndi mafuta ophikira umakwera chifukwa galimoto zimabwera mwa apo ndi apo. M'tauni ukakhala ndi ndalama umagula tsiku lomwelo. Kuno ukhoza kukhala ndi ndalama m'foni, wothandiza kutapa n'kukuuza kuti alibe, kapena sitolo n'kukhala yopanda chimene ukufuna. Amayi a kuno anandiphunzitsa kufutsa: kuwiritsa pang'ono masamba a khobwe kapena nkhwani, kuyanika, n'kusunga m'chikwatu. Chimanga, nyemba ndi mtedza timagula nthawi yokolola mitengo ili pansi.

Chinthu chimene chimandiopsa mpaka lero ndi mtunda wa kuchipatala. Chipatala chaching'ono chimene tili nacho pafupi ndi ulendo wa maola awiri wapansi, ndipo pakati pali mtsinje umene chilimwe mwana amaulumpha. Agogo aja anandichenjeza tsiku lina tikuchapa: "Mwana wanga, mvula ikagwa kumtunda musamaoloke, ngakhale kuno kuli dzuwa. Madzi amabwera ngati khoma." Ena amaganiza kuti kumapiri kulibe malungo chifukwa kumazizira. Aliko, makamaka nyengo ya mvula, ndipo tonse timagona m'neti chaka chonse.

Febuluwale woyamba, kamtsikana kathu kanatentha thupi usiku, mvula ikugwa kuyambira madzulo. Wakabaza wa njinga yamoto amene tinasunga nambala yake anayankha foni, koma anati mtsinje wadzaza, palibe angadutse. Usiku umenewo ndinauwerenga ola ndi ola. Ndinamuvula zofunda zolemera, kumupukuta ndi kansalu ka madzi ofunda pang'ono, kumupatsa panado wa muyeso wa msinkhu wake, ndi kumumwetsa pafupipafupi. Maso anga anali pa zizindikiro zimene sizidikira kucha: kukomoka, kusanza chilichonse, kulephera kumwa, kufooka kosadzutsika, kupuma mobanika. Tinali titagwirizana ndi abambo kuti chimodzi mwa zimenezi chikaoneka, adzutsa amuna a pamudzi timunyamule kudzera njira yozungulira ya kumtunda, ngakhale itenge usiku wonse. Sichinaoneke. Kutangocha tinapita kwa mlangizi wa zaumoyo amene amachititsa kachipatala ka ana osaposa zaka zisanu m'mudzi wa tsidya lino la mtsinje. Anamubaya chala, kachipangizo kanaonetsa malungo, ndipo analandira LA nthawi yomweyo. Anamaliza mankhwala onse a masiku atatu ngakhale tsiku lachiwiri anali atayamba kale kuthamangitsa nkhuku.

Mlangizi ameneyu tinali titamudziwa kale, chifukwa sabata yachiwiri titafika ndinapita kukadzionetsa kwa iye ndi kabuku ka kusikelo ka mwana. Ndikulangiza aliyense wosamukira kumudzi kuti achite chimodzimodzi asanadwale munthu. Dziwani nyumba ya mlangizi, masiku a sikelo, akabaza awiri osati mmodzi, ndi chulu kapena mtengo pamene foni imagwira. Nambala ya Chipatala Cha Pa Foni, 54747, ikhale yolembedwa pakhoma. Amayi oyembekezera a kuno amapita kukadikirira kuchipatala masiku akayandikira, ndipo amene waona mtsinje uja utadzaza safunsa chifukwa chake.

Apongozi anga ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo achibale ambiri ankati tikukawapha powatengera kutali ndi zipatala zazikulu. Tisananyamuke tinapempha kalata yosamutsira chithandizo chawo ndi mankhwala okwanira miyezi yoyamba. Titafika tinapeza zimene sitinayembekeze. Bungwe la Partners In Health, limene kuno limadziwika kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, lakhala likugwira ntchito ndi boma m'boma la Neno kuyambira 2007, ndipo matenda okhalitsa monga kuthamanga kwa magazi, shuga, mphumu ndi khunyu ali ndi masiku ake m'zipatala za kuno. Kulinso anthu a m'midzi momwemo amene amayendera makomo kufunsa za odwala ndi kukumbutsa tsiku lobwerera kuchipatala. Apongozi amayenda kwambiri kuno kuposa m'tauni, mchere tinachepetsa, ndiwo zamasamba sizisowa, ndipo mankhwala sadumphitsa. Ulendo wa kuchipatala pa njinga yamoto ndi umene amadana nawo. Amakwera atatseka maso, akugwira malaya a wakabaza ngati akumukoka kuti abwerere.

Utsi wa m'khitchini unali vuto lina. Nkhuni za pa mafuwa atatu m'kanyumba kopanda zenera zimatsokomoletsa, ndipo mwana wobereka kumbuyo amapuma utsi womwewo. Tinaboola zenera ndi kugula mbaula ya Chitetezo, youmbidwa ndi dothi, imene imadya nkhuni zochepa.

Kukhala pamudzi kuli ndi malamulo ake osalembedwa. Tsiku lachiwiri a hedimasitala anatiperekeza kwa nyakwawa kukadziwika, ndipo sitinapite chimanjamanja. M'tauni ukhoza kudutsa munthu osamupatsa moni, kuno ukatero nkhani ifika kumjigo iwe usanafike. Maliro ndi a aliyense. Ukamva mfuu umasiya khasu, amayi kukathandiza kutunga madzi ndi kuphika, abambo kukakhala pasiwa, ndipo safunsa kuti ndiwe wa mpingo uti. Anthu amene anali okonzeka kunyamula mwana wathu usiku uja ndi omwe tinakhala nawo pa maliro a m'mudzi miyezi ya m'mbuyo. Mowa wa masese ndi kachasu zilipo, ndipo pa zikondwerero amatipatsa. Timakana mwaulemu, n'kulandira thobwa lotsekemera la tsiku lomwelo, ndipo palibe amene anakwiya.

Mpingo wathu si wachilendo kuno. Mishoni ya Matandani inakhazikitsidwa m'dera lino mu 1908, patangopita zaka zochepa Malamulo itayamba ku Thyolo, choncho ngakhale amene sapemphera nafe amadziwa kuti Loweruka aphunzitsi sapezeka pa ntchito ya chitukuko, ndipo gawo lathu loumba njerwa timakagwira Lamlungu. Kagulu kamene timasonkhana nako n'kakang'ono, ulendo wa ola limodzi kudutsa m'minda. Timanyamula chakudya chophika Lachisanu n'kudyera limodzi pansi pa mtengo, chifukwa kubwerera kunyumba masana n'kubweranso sikutheka.

Pali mbali imodzi imene anthu saitchula akamakamba za kusamuka. Abambo anafika n'kupeza ntchito ndi anzawo a mu ofesi. Mnyamata anapeza anzake tsiku loyamba, ndipo pasanathe mwezi ankadziwa mayina a mbalame zimene ine sindinazionepo. Wotsala ndi mayi. M'tauni ndinali ndi kageni kanga kogulitsa mandasi, anzanga a kumpingo, mchemwali wanga pamtunda wa minibasi imodzi. Kuno miyezi itatu yoyamba ndinkati ndikamaliza ntchito za m'mawa, chete wa pamudzi amandilemera pachifuwa. Tulo tinkavuta, chakudya sichinkakoma, ndipo mtima unali ku Chilomoni kwa mwana amene ndinamusiya. Zimenezi si ulesi kapena kusayamika, ndipo amuna amene mukusamutsa mabanja muzizione msanga. Abambo a kunyumba anayamba kubwera molunjika akaweruka kuti tiyende limodzi kukaona dimba limene nyakwawa anatibwereka m'mbali mwa mtsinje. Dimbalo linandipatsa chodzukira. Kenaka amayi a banki m'khonde anandiitana, pambuyo pake anandisankha kusunga kabuku ka ndalama zokonzera mjigo, ndipo tsiku lina ndinangozindikira kuti ndikudziwa dzina la mwana aliyense pamzere wa madzi.

Wamkulu uja atalemba JCE anabwera kudzakhala nafe, ndipo apa panali pofunika kuganiza mofatsa. Sekondale yoyendera ili kutali, ndipo atsikana ambiri ochokera m'midzi yakutali amachita lendi timanyumba pafupi ndi sukulu n'kumadziphikira okha, popanda wamkulu wowayang'anira. Ndawaona ena akubwerera kwawo ndi pathupi chaka chisanathe. Ife tinasankha njinga. Amanyamuka kusanache bwino pamodzi ndi atsikana ena awiri a m'mudzi muno, atadya phala la mgaiwa lothira nsinjiro, ndipo mvula ikakula amagona kwa banja lina la kumpingo limene tinapangana nalo pafupi ndi sukulu. Amadandaula za chitunda ndi za netiweki. Madzulo amawerenga pa babu la sola patebulo limodzi ndi bambo ake, amene amakhala akuchonga makope, ndipo masamu akamuvuta amangotembenuka.

Pamene ndikulemba izi ndi Okutobala, mitambo yayamba kusonkhana cha kumalire madzulo. Denga la khitchini tafolera kale. Klorini, Thanzi ORS, panado, sopo ndi mchere zagulidwa zokwana mpaka Marichi, maneti awiri obooka ndasoka, ndipo apongozi akapita kuchipatala mwezi uno tikapempha ngati angalandire mankhwala a miyezi ingapo nthawi imodzi. Zatsala ndi matayala a njinga ya mtsikana, amene atha mano, ndipo wakabaza walonjeza kubwera nawo kuchokera ku Mwanza Lachinayi.